Funsani Malume a ku Likhubula: Kodi Pokongola Penipeni pa Phiri la Mulanje Ndi Pati?

Mvula yatha, ndipo makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za phiri. Ndasankhapo anayi. Kwa inu amene mukuwerenga tsamba lino koyamba, ine ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula. Ndinayamba kusenza zikwama za alendo ndili ndi zaka 17, kenako ndinakhala gaidi wolondolera njira. Masiku ano ndimakwera mwa apo ndi apo, koma njira zake zonse ndikuzidziwa.

Malume, ndine namwino kuno ku Blantyre. Kunja kukacha bwino ndimaliona phiri la Mulanje ndili ku Bangwe, koma sindinapondekopo. Ndapeza masiku atatu opuma. Anzanga akuti ndikapanda kufika pa Sapitwa ndiye kuti sindinaone kanthu. N'zoona zimenezi? — Namwino, Bangwe

Mayi, anzanuwo akunena za kutalika, inu mukufunsa za kukongola, ndipo ziwirizi sizikhala pamalo amodzi nthawi zonse. Sapitwa ndiyedi nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, mamita 3,002. Amene akufuna kufikapo amagona ku nyumba ya alendo ya Chisepo, n'kunyamuka kusanache. Kupita ndi kubwerera kumatha maola asanu ndi limodzi kapena kupitirira, ndipo njira yake si yoyenda chilili. Pena mumakwawa pa thanthwe lotsetsereka, pena mumalowa pansi pa miyala ikuluikulu ngati nyumba, pena mumachita kudzikoka pogwira mizu. Mukafika kumwamba kuli koyera, mumaona mpaka ku Mozambique, mitambo ili pansi pa mapazi anu. Koma ine ndaperekeza anthu ambirimbiri amene anafika pa chipilala chapansongapo nkhungu itatseka kale. Anajambulitsa chithunzi, kumbuyo kwawo kuli mbuu, n'kuyamba kutsika miyendo ikunjenjemera. Munthu wokwera koyamba, wa masiku atatu okha, ine sindingamutumize kumeneko.

Chitani izi. Mukatsika minibasi pa Chitakale, kwerani njinga kapena galimoto yolowera ku Phalombe mukatsikire pa Likhubula. Mukalembetse ku ofesi ya zankhalango, ndipo gaidi ndi wonyamula katundu mukawapezere komweko. Mitengo yake ndi yoikika kale, musachite kunenerera ndi munthu wokumana naye pamsewu. Tsiku loyamba kwerani kupita ku nyumba ya alendo ya Chambe. Njira zilipo ziwiri: ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ya Chapaluka ndi yotalikirapo koma imatsata mtsinje, ili ndi mithunzi ndi maiwe opumirapo. Inu tengani ya Chapaluka. Maola anayi kapena asanu mwafika, ngati simukuthamangira.

Mukagona ku Chambe, mudzuke kusanayere, mufunde bulangete, mukhale pakhonde. Nsonga ya Chambe imakhala patsogolo panu, thanthwe limodzi lokha lakuda bii. Dzuwa likamatuluka silifika kwa inu poyamba. Limayamba lakhudza pamwamba penipeni pa thanthwelo, pamafiira ngati khala la moto, ndiye kufiirako kumatsika pang'onopang'ono, inu mukadali mumdima, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Mbali ina ya thanthwe lomweli, yakumadzulo imene mumaiona muli mumsewu wa ku Phalombe, ndi khoma la mamita pafupifupi 1,700, ndipo akatswiri okwera ndi zingwe amachokera kutali kudzalimbana nalo.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndikukutumirani. Yendani kuchokera ku Chambe, mudutse pa Chisepo, mukafike ku nyumba ya alendo ya Thuchila. Ndi ulendo wa tsiku lonse, wokwera ndi kutsika, ndipo Sapitwa mudzamuona ali kudzanja lanu lamanja, mokwanira kuti mumupatse ulemu. Mukafika musagone msanga ngakhale mutatopa. Thirani tiyi m'kapu, muuze gaidi wanu akutengereni kumapeto kwa phiri, cha ku mwala umene alendo amautcha Elephant's Head, dzuwa lisanalowe.

Ine pamalo amenewa ndakhalapo kosawerengeka, ndipo sipanandikwane. Phiri limangothera pamapazi anu, ndiye pansi pamatseguka chigwa chonse cha Phalombe, mpaka kumene maso alekezera. Minda imaoneka ngati zigamba za nsalu, za nandolo zobiriwira, za chimanga chokololedwa zotuwa. Madenga a malata amathwanima limodzilimodzi dzuwa likamawapeza. Cha kumpoto, kunja kukayera, nyanja ya Chilwa imanyezimira ngati mbale yachitsulo yoiwalika pabwalo, phiri la Zomba lili chapatali, la Chiradzulu lili lokhalokha pakati pa chigwa. Nthawi imeneyo amayi kumidzi amakhala akusonkha moto wophikira nsima yamadzulo, ndipo utsi umakwera mudzi ndi mudzi, woongoka, chifukwa mphepo imakhala itagona. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi phokoso. Mumamva galu akuuwa, ng'oma ya kwaya, mwana akuitanidwa, zonse zikuchokera pansi patali, zazing'ono koma zomveka bwinobwino, pomwe pamene mwakhala inupo pali zii, kupatula khwangwala wa khosi loyera amene akudikira nyenyeswa za buledi wanu.

Ndinakhalapo tsiku lina ndi mnyamata wonyamula katundu wa ku Phalombe komweko. Anayang'anitsitsa pansi nthawi yaitali, kenako analoza kadontho kena koyera n'kundiuza kuti limenelo ndi tchalitchi cha kwawo, ndipo mtengo wa mango uli pambali pakewo ndi pamene anaikidwa agogo ake. Mlendo amene tinali naye ankajambula dzuwa. Mnyamatayo sanachotse maso pa mtengo uja mpaka mdima unagwa. Mlendo wochokera kunja amaona malo okongola, koma ife eni dziko timaona kwathu, ndiye chifukwa chake zimandiwawa kuti a Malawi ambiri phirili amangolionera pawindo la basi.

Kukada muyang'ane kumadzulo. Kuthambo kukakhala koyera mudzaona kuwala kwa magetsi mbali ya ku Limbe, kumene mumaima inu n'kumayang'ana kuno. Tsiku lachitatu mutsikire mbali ya msewu wa ku Phalombe, masana mudzakhala muli pa Chitakale mukudya chinanazi.

Za kunyamula: chakudya chanu chonse, juzi yokhuthala, bulangete kapena chikwama chogonamo, tochi, ndi nsapato zimene mwaziyendera kale, osati zatsopano. M'nyumba za alendo muli alonda amene amakonza nkhuni ndi madzi, ndipo ndi bwino kuwasiyira kangachepe pochoka. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale usiku kumazizira mpaka udzu kuchita chisanu. Mu Seputembala ndi Okutobala kumakhala kofunda, koma utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chigwa, Chilwa simungamuone.

Malume, mayi anga ali ndi zaka 71, anagwira ntchito yothyola tiyi moyo wawo wonse. Ndikufuna ndiwatengere kokayenda kuti nawonso aone zokongola, koma sangakwere phiri. Ndipite nawo kuti? — Mphunzitsi, Luchenza

Aphunzitsi, mwaganiza bwino, ndipo simukufunika kupita kutali. Ngati mayi amatha kuyenda ulendo wa kumunda, Dziwe la Nkhalamba akhoza kufika. Kuchokera pa Likhubula ndi pafupifupi ola limodzi, inu muwerengere awiri kuti azipuma. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudzaza dziwe lakuya, lozizira ngati achokera mufiriji ngakhale mu Okutobala. Akhale pamwala, aviike mapazi, adye nthochi zawo. Musalole ana amene mwapita nawo kudumphiramo mwachisawawa. Dziwelo ndi lakuya kuposa mmene limaonekera, miyala yake ndi yoterera, ndipo latengapo miyoyo ya anthu. Lamulungu ndi masiku a tchuthi pamadzaza achinyamata ndi mawailesi, ndiye mupite pakati pa sabata, m'mawa.

Ku Thyolo nakonso kulipo. Esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, ili m'mbali mwa phiri la Thyolo ndipo imalandira alendo. Mukapemphe chilolezo pachipata. Mukafika pamtunda mumaona mbali ziwiri: kumadzulo dziko limatsika kulowera ku chigwa cha Shire, kum'mawa Mulanje yense waima payekha, nthawi zina m'munsi mwake muli mitambo moti amaoneka ngati sakugunda pansi. Galimoto imafika pafupi, mayi sangavutike.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Mayi anuwo tiyi amamudziwa ali chowerama, dengu lili kumsana, maso ali pa masamba awiri ndi kansonga. Mwina sanaimepo pamwamba n'kuona minda yonse ija itayalana ngati mphasa yobiriwira. Mukafika nawo musawafotokozere zambiri. Asiyeni ayang'ane, ndipo akayamba kulankhula mumvetsere, chifukwa adzakuuzani za mizere imeneyo zimene gaidi aliyense sangakuuzeni.

Malume, ine ndine wa ku Migowi ndipo phiri lili pakhomo pathu, koma agogo anatiletsa kukwera. Amati kuli mizimu, munthu amapeza nsima ndi ndiwo zotentha pamwala, ndipo ena amasowa osapezekanso. Anzanga a ku koleji akufuna tikwere kudzera ku Fort Lister. Ndikuopa. Zoona zake n'ziti? — Mnyamata wa ku Migowi

Mphwanga, agogo ako usawaseke. Nkhani zimenezo nanenso ndinakula nazo: ukapeza chakudya m'phiri udye wekha osaitana mnzako, usaloze chala mwachipongwe, usatukwane, ukamva ng'oma kapena mawu okuitana usatsatire. Dzina lakuti Sapitwa likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Kwa Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao okhala mozungulira, phirili ndi malo a makolo, ndipo pali malo amene anthu ankathirako nsembe popempha mvula. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chachikulu chimene anayang'ana ndi chikhalidwe ndi zikhulupiriro zomwezi. Ine nsima yapamwala sindinaipezepo, koma pali malo ena m'phirimo amene ndikafika ndimatsitsa mawu popanda wondiuza.

Zakuti anthu amasowa n'zoona. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anapita yekha cha ku Sapitwa ndipo sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitirira yekha, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata. Uone chimene chikufanana pa awiriwa: onse anali okha.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique m'miyezi yozizira. Dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la kumeneko. Ndikuuze zimene zinandichitikira ine pakati pa nyumba za alendo za Chinzama ndi Sombani, njira imene ndinali nditaiyenda kambirimbiri. Tinanyamuka dzuwa likuwala, ine ndi alendo awiri. Tili pakati, ndinaona mtambo ukukwera m'chigwa kumbuyo kwathu ngati mkaka ukufufuma mumphika. Sipanathe mphindi khumi, munthu woima mapazi asanu patsogolo panga sindinkamuonanso. Miyala yonse inafanana. Ndinayenda pang'ono ndikukhulupirira kuti ndikulunjika, kenako ndinapeza chitsa cha cheyo chopsa chimene tinali titachidutsa kale. Pamenepo mtima unagunda, ndipo m'makutu ndinayamba kumva ngati anthu akulankhula chapansipansi, pomwe anali madzi oyenda pansi pa miyala. Ndinakumbukira mawu a mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi, akuti nkhungu ikakupeza khala pansi. Tinalowa kuphanga laling'ono, tinafunda zonse zimene tinali nazo, tinagawana mtedza ndi tiyi wa mufulasiki. Tinakhala maola atatu. Itang'ambika nkhunguyo, tinaona kuti kumene ndinkalowera ine kuja, mapazi makumi angapo okha, kunali phompho.

Ndiye kwera, mphwanga, koma ukwere monga agogo ako akanafunira: mwaulemu, pagulu, ndi munthu wodziwa njira. Pa Fort Lister pali ofesi ya zankhalango ndipo magaidi alipo. Malowo pawokha ndi mbiri: dzinali ndi la linga limene linamangidwa mu 1893 kuti litseke njira imene ogula akapolo ankadutsa pampata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese popita kunyanja yamchere. Kuchokera pamenepo kukafika ku nyumba ya Sombani ndi maola atatu kapena anayi, ndipo ndi imodzi mwa njira zosavuta. M'mawa mwake nsonga ya Namasile idzakhala pamaso pako, ndipo pokwera ukamatembenuka uzidzaona Mchese ndi chigwa cha kwanu. Uwauze agogo usananyamuke, usachite kuzemba. Pobwera udzawafotokozere mmene Migowi amaonekera uli kumwamba.

Malume, ndinakwera phiri la Mulanje m'zaka za m'ma 1980 ndi gulu la achinyamata a mpingo, tinagona ku nyumba ya CCAP ku Lichenya. Chimene sindiiwala ndi nkhalango ya mkungudza ndi fungo lake. Ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ndikufuna kubwera ndi ana anga. Kodi ndidzaipeza mmene ndinaisiyira? — Bambo wa ku Johannesburg

Achimwene, sindikunamizani, simudzaipeza. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri chifukwa nkhalango imene mukunenayo inenso ndikuikumbukira: mitengo italiitali yoongoka, ndere zotuwa zikulendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba, pansi pali pofewa, ndipo ukalowamo fungo limakukuta ngati watsegula bokosi la zovala la agogo. Mkungudza wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri lino. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mtengowu ndi umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma thabwa lake silifumbwa, chiswe sichilidya, ndiye aliyense ankalifuna, la denga, la zitseko, la maboti, la mabokosi ogulitsa kwa alendo. Macheka analowa usiku ndi usana. Moto wa osaka nyama unkapsereza timitengo tating'ono tisanakule. Pofika mu 2017, ofufuza atayendera phiri lonse anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha.

Sindingaloze ena chala ngati kuti ine ndinali kutali. Chaka china cha njala, alendo atasowa, nanenso ndinasenzapo matabwa pamutu kutsika nawo phiri kuti ana adye. Sindinafunse kuti adulidwa kuti. Fungo lake linkatsalira pankhata mpaka kunyumba. Lero ndikadutsa pamene panali nkhalango ija n'kuona zitsa zotuwa zili mbwee, ndimadziwa kuti thabwa limodzi kapena awiri mwa amenewo anadutsa pamutu panga.

Mudzaonanso china chatsopano musanayambe n'komwe kukwera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosaneneka, mapiri anagumuka, miyala ndi matope zinatsikira m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe ndipo anthu ambiri anatisiya. Akuluakulu amati kwadutsa napolo, monga ananenera pa madzi a ku Phalombe a 1991. Mabala ake akuonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yoyera kuchokera kumwamba mpaka pansi. Ana anu akadzafunsa kuti n'chiyani chimenecho, mudzawauze zoona.

Komabe bwerani, ndipo anawo mubwere nawo. Lichenya akadali Lichenya. Udzu wake ukadali kugwedezeka ndi mphepo mpaka kumene maso alekezera, timitsinje take tikadali toyera moti mumamwa ndi manja, ndipo mukayenda kukafika m'mphepete mwa chigwa chimene alendo amachitcha Crater mudzaonabe matanthwe akutsika mozungulira, pansi pake minda ya tiyi ili yalaa kulowera kumalire a Mozambique. Mukabwera mu Julayi mukhozanso kuona mpikisano wa Porters Race, anyamata ndi atsikana akuthamanga kuchokera ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso tsiku lomwelo, njira imene inu ndi ana mudzaiyenda masiku atatu.

Mkungudza nawo sunatheretu. A bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa mbewu m'manazale n'kukabzala mbande zambirimbiri kumwamba. Zina zimapsa ndi moto, zina zimafa ndi chilala, zina zikugwira. Mukamatsika, anyamata akakutsatsani mabokosi onunkhira m'munsi mwa phiri, musagule, ngakhale mtima utafuna chokumbukira. Mmalo mwake muuze gaidi wanu akuonetseni pamene anabzala. Ine ndinapitako chaka chatha ndi mdzukulu wanga wa zaka 9. Tinapeza kamtengo kofika m'chiuno mwake, kozunguliridwa ndi udzu wolambulidwa kuteteza moto. Ndinathyola kansonga kakang'ono ka tsamba, ndinakafikisa pakati pa zala, n'kumuika pamphuno. Ananunkhiza kawiri, kenako anandifunsa kuti kadzafika liti msinkhu wa mitengo imene ndimamuuza ija. Ndinamuyankha kuti iyeyo adzakhala ali ndi imvi, ndipo anagwada n'kuyamba kuzula udzu umene unamera patsinde pake.